Kodi chimbale cha filimu ya Threads n'choyenera kugula pa mapaundi 20?

NaPhiri wa ku Sheffield:
Moni nonse. Ndikupempha maganizo anu pa chimbale cha Blu-ray (chija chimaonetsa chithunzi chooneka bwino kuposa DVD) cha filimu ya Threads, imene BBC inaonetsa koyamba mu Seputembala 1984. Nkhani yake imachitikira kuno ku Sheffield, ndipo imaonetsa zimene zingaugwere mzindawu mabomba a nyukiliya ataphulika. Anzanga a kuntchito amene anaionera ali ana amaikambabe mwamantha mpaka lero. Chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine mu 2022, mwana wanga wachisamba sasiya kundifunsa za mabomba amenewa, ndipo ndimafuna tionere limodzi. Ndachipeza pa mapaundi 20. Kodi ndalama imeneyi ndiitulutse?

Amalume a ku Leeds:
Achemwali, musanatulutse khobidi lililonse, yambani mwaona bwino amene akukugulitsaniyo. Ine ndinalipira mapaundi 27 kwa munthu wina pa intaneti amene analemba kuti chimbale chake n'chatsopano. Chitafika, ndinapeza kuti ndi DVD yokopera kunyumba, dzina la filimu litalembedwa ndi cholembera chakuda, ndipo pepala la pachikuto inki yake inkatsala m'zala. Chithunzi chinkaima pamene anthu ayamba kuthawa m'misewu, osapitirira. Nditamulembera kuti andibwezere ndalama, anatseka akaunti yake. Mpaka lero zimandiwawa.

Bambo Gondwe a ku Manchester:
Pepani amalume, koma zinthu zoterezi zimafuna wozidziwa. Ine changa ndi chimene kampani ya Severin Films inatulutsa mu 2018, ndinachita kuitanitsa ku America pa mapaundi 35, ndipo muli mawu a Mick Jackson, amene anatsogolera kujambula, akufotokoza mmene anagwirira ntchitoyo. Pashelefu panga palinso The Day After ya 1983 ndi The War Game ya Peter Watkins, imene BBC inakana kuionetsa mu 1965 poiona kuti ndi yoopsa kwambiri, koma inapata mphoto ya Oscar, ndipo pa wailesi ya kanema inadzaoneka mu 1985. Mukamaonera Threads pa TV yanga ya mainchesi 65 mumaona ngakhale mabotolo a mkaka akusungunuka pakhomo. Mapaundi 20 ndi ochepa zedi.

Mayi a Chisomo:
Musagule. Filimu imeneyi munthu saionera kawiri.

Nkhoma wa ku Nottingham:
Ine ndikudabwa ndi mitengo imene mukutchulayi. DVD ya filimu yomweyi ndinaipeza m'sitolo ya kaunjika, zija zothandiza ovutika, pa mapaundi 2 basi. Filimuyi anaipangira ma TV a m'ma 1980, ndiye ngakhale muiike pa Blu-ray, siisanduka ya chaka chino. Komanso BBC Four inaionetsanso mu Okutobala 2024 pokumbukira kuti yatha zaka 40, choncho ngati mumalipira laisensi ya TV, yambani mwayang'ana pa iPlayer, pamene BBC imaika mapulogalamu ake pa intaneti. Kulaibulale nakonso amabwereketsa zimbale.

Bambo Gondwe a ku Manchester:
Achimwene a Nkhoma, DVD ya mapaundi 2 ndi yakale ija isanakonzedwenso, chithunzi chake n'chakuda ndipo mawu samveka bwino. Simungaiyerekeze ndi yanga.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga NaPhiri, ambiri pano akukamba za mtengo, koma ine nkhawa yanga ili pa mwana amene mukufuna kuonera nayeyo. Filimuyi simumvera chisoni woonera, imamuonetsa zonse. Barry Hines, amene analemba nkhaniyi, anasankha anthu wamba: Ruth ndi Jimmy, achinyamata amene akukonzekera ukwati chifukwa mtsikanayo ali ndi pakati. Pamene iwo ali kalikiliki kukonza nyumba yoti adzalowemo, wailesi ikulengeza za mkangano wa America ndi Soviet Union pa dziko la Iran, ndipo palibe akutchera khutu kwenikweni. Chimene chimalasa mtima kwambiri si kuphulika kwa bomba ayi, koma zotsatira zake. Akuluakulu a khonsolo amene anayenera kugawa chakudya amafera m'chipinda chapansi pa nyumba ya khonsolo, chipatala chilibe mankhwala ngakhale magetsi, utsi umaphimba dzuwa mpaka mbewu kulephera kukula, ndipo Ruth amaberekera yekha m'khola popanda mzamba. Patapita zaka 13, ana amene anabadwa pambuyo pa bomba amalephera ngakhale kulankhula chiganizo chathunthu. Ine nditaionera, tulo tinandithawa, ndipo ndinali kale munthu wamkulu. Ngati mwanayo ali kale ndi mantha, yambani mwaionera nokha.

Amalume a ku Leeds:
Zonsezo ine sindinazione chifukwa changa chinkaima panjira. Mapaundi 27 anapita m'madzi.

Mbewe wa ku Coventry:
Sindikugwirizana ndi amene akuti mantha ndi chifukwa chosagulira. Mafilimu amenewa anawapanga dala kuti aopseze anthu, ndipo mantha ake anagwira ntchito. The Day After itaonetsedwa ku America pa 20 Novembala 1983, anthu pafupifupi 100 miliyoni anaionera. Pulezidenti Ronald Reagan anaionera isanatuluke, ndipo analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti inamusiya wokhumudwa kwambiri. Mu 1987 iye ndi Mikhail Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union, anasaina pangano lothetsa zida zina za nyukiliya. Sindikunena kuti filimu ndiyo inasainitsa panganolo, koma atsogoleri nawonso ndi anthu, amaona ndipo amaopa. Panganolo linatha mu 2019, ndiye ana athu ayenera kudziwa zimene zida zimenezi zimachita. Gulani achemwali, ndipo ine ndinachiona pa mapaundi 14.

Mayi a Chisomo:
Ana athu ali kale ndi nkhawa zokwanira. Wanga sangaionere m'nyumba mwanga.

NaPhiri wa ku Sheffield:
Zikomo nonse, makamaka aphunzitsi. Ndayamba kuganiza zoionera ndekha kaye, koma za kugula sindinatsimikizebe, popeza pano mwatchula mapaundi 2, 14, 27 ndi 35. Achimwene a Mbewe, cha mapaundi 14 chija chinali Blu-ray kapena DVD, ndipo munachiona kuti?

Nkhoma wa ku Nottingham:
Achemwali, ngati mungalipire ndalama yotumizira papositi, yanga ija ndikubwerekani.

Bambo Gondwe a ku Manchester:
Yanga sindibwereketsa.