Za penti ya mkaka ija ndinafunsa mwezi watha

Mwezi watha ndinafunsa ngati penti ya casein (yopangidwa ndi mkaka) ingalowe m'malo mwa penti ya acrylic, poti acrylic akauma amakhala ngati pulasitiki ndipo kunyezimira kwake sikundisangalatsa. Nonse amene munandiyankha, zikomo kwambiri. Machubu ake sindinawapeze m'masitolo omwe ndinayendamo ku Kamwala ndi m'tauni mu Lusaka, ndiye ndinangodzipangira ndekha monga mmodzi wa inu analangizira.

Casein ndi puloteni wa mu mkaka. Ndinatenthetsa pang'ono mkaka wochotsedwa mafuta n'kuthiramo viniga mpaka unadukana. Ndinasefa pansalu, kutsuka zotsalazo ndi madzi, kenako n'kuzisungunula ndi borax (mankhwala ena a ufa woyera). Patapita maola angapo zinasanduka ulimbo woti n'kuthiramo ufa wa mitundu.

Imauma msanga, makamaka ndi dzuwa la Okutobala lino, koma sinyezimira ayi. Chondikomera n'chakuti m'mawa mwake ndinangonyowetsa burashi n'kukonza mphuno ya mayi wogulitsa tomato amene ndinajambula ku Soweto Market. Pa acrylic zimenezo iwalani. Pakapita milungu ingapo m'pamene imalimbiratu, madzi osaisuntha wamba.

Pamene ndinalakwitsa ndi pa canvas, nsalu yojambulapo ija. Ndinapaka mokhuthala, ndipo nditangoipinda inachita ming'alu ponseponse. Imafuna thabwa kapena pepala lolimba, n'kumapaka mopyapyala. Burashi muzitsuka ndi sopo pompopompo.

Yotsala ndinaiiwala pawindo masiku atatu, fungo lake ana mpaka anathawira panja. Pano ndimasunga mufiriji, m'botolo lolembedwa bwinobwino, kuopa wina angaithire mu tiyi.