Chiwindi cha control nachonso chikufiira ndi Oil Red O

Wofunsa: Anzanga, ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndikuika tiana ta nsomba za zebrafish mu ethanol (mowa) wa 2% kuyambira pa maola 96 mpaka 128 kuchokera pamene mazira analandira umuna, kenako ndikuthira Oil Red O, utoto wofiiritsa mafuta, koma chiwindi cha control (tiana tomwe sitinaikidwe mu ethanol) chikufiira pafupifupi mofanana ndi cha tiana tomwe tinali mu ethanol. Madzi ndi E3, incubator ili pa 28.5, PFA (mankhwala oumitsa thupi kuti lisawonongeke) ndi ya 4%, ndipo ndimathiramo PTU kuti khungu lisade. Abwana akufuna zithunzi pamene ine ndilibe chowaonetsa.

Woyang'anira labu: Achemwali, chotsani PTU. Mankhwala amenewa saletsa kuda kwa khungu kokha, amasokonezanso mahomoni a thyroid ndi kuchulukitsa autophagy (maselo kugaya zinthu zam'kati mwawo), choncho control yanuyo siili control yeniyeni. Pezani casper, mtundu wa zebrafish woonekera mkati.

Wosamala nsomba: Ine ndikukayikira njala. Pofika tsiku lachisanu yolk (chakudya cha m'dzira) imakhala ikutha, ndipo tiana tosadyetsedwa timayamba kukundika mafuta m'chiwindi patokha, moti mukangochedwa kutiika mu PFA mudzaona steatosis (mafuta ochuluka m'chiwindi) yopanda mowa. Musasakanizenso mazira a makolo osiyana, chifukwa clutch ina imabwera ndi mafuta ambiri chibadwire. Kodi control ili m'mbale imodzi ndi ya ethanol? Nthunzi yake imayenda, choncho zisiyanitseni ndi kumata Parafilm.

Mphunzitsi: Izi zandikumbutsa labu ina kumene ndinagwirako ntchito. Mnyamata wina anasunga tiana mu methanol monga amachitira pa in situ (njira yoonera malo amene jini ikugwira ntchito), mafuta onse nasungunuka, ndipo anabwera kumsonkhano akumwetulira kuti mankhwala ake achiritsa chiwindi. Mnzake sankasefa utoto, timibulu tofiira tinkakakamira paliponse ngakhale pa zipsepse, iye nkumatiwerenga. Sefani utotowo tsiku lomwelo, ndipo wowerenga asadziwe kuti gulu ili ndi liti.

Woyang'anira labu: Zonsezo ndi zoona, koma PTU ikadali m'madzimo palibe chimene musinthe.

Wosamala nsomba: Bambo, casper nayo si yoyera monga mukuiyamikira. Kuonekera mkati kwakeko kumachokera ku majini awiri owonongeka, mitfa ndi mpv17, ndipo MPV17 ikawonongeka mwa munthu imafooketsa mitochondria (tizigawo topanga mphamvu m'maselo) mpaka chiwindi cha khanda kulephera kugwira ntchito. Wofufuza chiwindi asaithamangire osaganiza, makamaka pakati pa kafukufuku.

Mphunzitsi: Achemwali, onaninso chilolezo chanu. Ngati muli m'dziko lotsatira lamulo la European Union la 2010, tiana timatetezedwa tikayamba kudya tokha, zomwe ambiri amaziwerengera pa maola 120, ndipo anu 128 apitirira pamenepo.

Woyang'anira labu: Ndiye yesani mbale imodzi ya AB (mtundu wamba wa zebrafish) yopanda PTU, khungulo mudzaliyeretse ndi hydrogen peroxide mukachotsa mu PFA. Ndikubwerezabe kuti vuto ndi PTU.