Mabatani a pachiwongolero afa ndipo nyali ya airbag sikuzima pa Toyota Aqua

Woyang'anira madalaivala, Mabvuku

Akuluakulu ndi anzanga nonse a ntchito ya galimoto muno mu Harare, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimayang'anira galimoto zonyamula anthu pakampani ina yaing'ono, ndipo imodzi mwa izo, Toyota Aqua ya 2015 yochokera ku Japan, yatiimitsa mutu. Mabatani onse a pachiwongolero asiya kugwira ntchito, kuyambira okweza ndi kutsitsa mawu a wailesi, la MODE, mpaka la DISP limene dalaivala amasinthira zolembedwa pa dashibodi. Nyali yofiira yooneka ngati munthu wokhala pampando ali ndi mpira patsogolo pake ikungoyakabe ulendo wonse, ndipo hutala ikulira pokhapokha chiwongolero chikapotozedwa pang'ono kumanzere. Mwezi wathawu galimotoyi inakonzedwa kawiri. Poyamba tinachotsa wailesi ya ku Japan n'kuika ina, kenako tinasinthitsa steering rack, chitsulo chimene chimakhotetsa matayala akutsogolo chiwongolero chikazungulira, chifukwa inali itayamba kugogoda ndi maenje a m'misewu yathuyi. Dalaivala wake akuti wolakwa ndi amene anaika wailesi, ndipo akuumirira kuti nyaliyo ndi yaing'ono, galimoto ipitirize kugwira ntchito. Kodi ndiyambire pati, ndipo kodi ndiiimike?

Dalaivala wa takisi, Dzivarasekwa

Mayi, ine ndikuona ngati dalaivala wanu akunena zoona pa nkhani ya wailesi. Mawailesi a ku Japan ambiri amagwira FM kuyambira 76 kulekezera 90 MHz, pomwe masiteshoni athu ambiri ali pamwamba pa pamenepo, n'chifukwa chake tonse timawachotsa n'kuika a Android. Mawailesi atsopanowa amakhala ndi mawaya awiri olembedwa Key 1 ndi Key 2, amene ayenera kulumikizidwa ku mawaya ochokera kuchiwongolero, ndipo akalumikizidwa, munthu amalowa m'makonzedwe a wailesiyo n'kuiphunzitsa batani lililonse palokha. Oika mawailesi ena amadumpha gawo limeneli chifukwa limadya nthawi. Mubwerere kwa iye akamalize ntchito yake.

Mphunzitsi wa madalaivala, Highfield

Mayi, funso lanu lachiwiri ndi limene ndiyambe nalo, chifukwa ndilo lokhudza moyo wa anthu. Galimotoyo muiimike. Nyali imene mwafotokozayo ndi ya airbag, thumba lija limene limafufuma pangozi kuti liteteze munthu, ndipo kayendedwe kake n'kotere: mukayatsa galimoto, imayaka limodzi ndi zinzake kwa masekondi pafupifupi 6 pamene kompyuta ikudziyesa yokha, kenako imazima. Ikapanda kuzima, ndiye kuti kompyuta yapeza vuto, ndipo pangozi airbag ya dalaivala ikhoza kusatuluka. Kuwonjezera apo hutala yanu ndi yosadalirika, ndipo sindikuona mmene munthu angadutsire ku Mbare Musika kapena pa Copacabana madzulo, pakati pa makombi ndi oyenda pansi, alibe hutala. Ngakhale ku VID, kumene boma limayeza galimoto, galimoto yopanda hutala yolira bwino siingakhoze.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti madalaivala ambiri, ngakhale okhala ndi layisensi kwa zaka zambiri, sanaphunzitsidwepo kuwerenga dashibodi. Timawaphunzitsa kubwerera m'mbuyo pakati pa madiramu ndi kunyamuka pachitunda, koma za nyali timangodutsa. Chikhalirecho opanga galimoto anaika mitundu ya nyalizi mwadongosolo. Yofiira ikutanthauza kuti pali choopsa, monga kuchepa kwa mphamvu ya oyilo, kutentha kwa injini, mabuleki kapena batire losalandira moto. Yachikasu ikutanthauza kuti galimoto ikaonedwe msanga, pomwe yobiriwira ndi yabuluu imangodziwitsa kuti chinthu china chayatsidwa. Ndaonapo dalaivala akuthamangira kugalaja m'mawa wa mwezi wa June chifukwa cha kanyali kooneka ngati choyezera kutentha chili m'madzi, kamene pa Honda Fit ndi galimoto zina zazing'ono kamangonena kuti injini idakali yozizira ndipo kamazima kokha injiniyo ikafunda, koma dalaivala yemweyo n'kumayenda miyezi ndi nyali yofiira ya airbag ataimata tepi yakuda kuti isamuthobwe m'maso. Dalaivala wanu mumuuze mwaulemu kuti pa dashibodi palibe nyali yofiira yaing'ono.

Makaniko wa zamagetsi, Gazaland

Bambo aphunzitsi anena zoona, galimoto iime. Achimwene a ku Dzivarasekwa, zimene mwafotokoza zimachitikadi kawirikawiri, koma pano sizikukwanira, ndipo umboni uli m'mawu a mayiwa. Batani la DISP silipita ku wailesi ayi, limalankhula ndi mita ya pa dashibodi. Woika wailesi akanaiwala mawaya a Key 1 ndi Key 2, akanafa ndi mabatani a wailesi okha, la DISP likanatsala lamoyo, ndipo hutala ndi airbag sizikanakhudzidwa n'komwe. Zinthu zitatuzi zimakumana pamalo amodzi okha, kuseri kwa chiwongolero, m'kachipangizo kozungulira kamene a Toyota amakatcha spiral cable, ena amati clock spring. M'kati mwake muli lamba wopyapyala wa mawaya, wokulungidwa ngati nkhata, amene amamasuka ndi kumangika chiwongolero chikamazungulira, kuti magetsi azifikabe ku mabatani, ku hutala ndi ku airbag. Lambayo akathetheka, mawaya ena amaduka kotheratu ndipo ena amagundana mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake hutala yanu ikulira chiwongolero chikakhala mbali imodzi yokha.

Mayi, ndiyankheni mafunso awiri. Kodi mabataniwo anagwirapo ntchito wailesi itangoikidwa, rack isanasinthidwe? Nanga pali amene analumikizapo kompyuta yoyezera galimoto?

Woyang'anira madalaivala, Mabvuku

Zikomo kwambiri nonse, galimoto ndaiimika kale. Ndafunsa dalaivala mofatsa ndiponso ndaona m'buku limene timalembamo zokonzetsa. Mabatani ankagwira ntchito bwinobwino wailesi itaikidwa, ndipo anafa tsiku limene galimoto inatuluka kosintha rack, pamene dalaivala ankakhota kwambiri potuluka pageti n'kumva kaphokoso ngati kanthu kathyoka. Iye ali ndi kachipangizo kakang'ono kolumikiza ku foni, ndipo akuti sikanaonetse vuto lililonse, n'chifukwa chake ankalimba mtima.

Makaniko wa zamagetsi, Gazaland

Pamenepo nkhani yaoneka poyera. Spiral cable imazungulira pafupifupi kasanu kuchokera kumapeto ena kufika kumapeto ena, ndiye kuti kawiri ndi theka mbali iliyonse ikakhala pakati. Munthu akamasula rack osamangirira chiwongolero, chimazungulira momasuka, ndipo akachibwezera chitapitirira ndi kuzungulira kumodzi kokha, chimaoneka chowongoka koma lamba uja amakhala atatsala pang'ono kufika pothera pake. Dalaivala akangokhota mpaka kumapeto, lambayo amaduka. Amakaniko osamala amakoloweka lamba wa pampando pachiwongolero asanamasule chilichonse pansi. Za kachipangizo ka pafoni musadabwe, chifukwa tambiri totchipa timawerenga za injini zokha, sitilowa m'kompyuta ya airbag. Pakufunika makina otha kuwerenga SRS, dongosolo la airbag lija, ndipo ndikuyembekezera kuti adzapeza B1801, nambala imene pa Toyota imatanthauza kuti njira ya magetsi yopita ku airbag ya dalaivala yaduka.

Amene akasinthe chipangizochi akhale munthu wodziwa, chifukwa airbag ili ndi mankhwala ophulika. Azimitse galimoto, amasule waya wa negetivi pa batire laling'ono la 12V, limene pa Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo osati kuinjini, ndipo adikire masekondi osachepera 90 asanakhudze mapulagi achikasu. Pansi pa mpando womwewo palinso batire lalikulu la hybrid la 144V, choncho mawaya a mtundu wa lalanje asawayandikire. Asayese airbag ndi mita yoyezera magetsi, ndipo akaichotsa aiike pansi mbali ya chizindikiro cha Toyota itayang'ana kumwamba. Matayala akhale owongoka, ndipo spiral cable yatsopano imabwera ndi kapulasitiki koitsekera pakati, kamene kamachotsedwa pomaliza penipeni.

Pogula, kaya ndi mu Kaguvi Street kaya kwa ophwasula galimoto, mutenge yakaleyo m'manja n'kufananiza nambala yake ndi kuchuluka kwa mapini, popeza ma Aqua amasiyana malinga ndi mabatani amene ali nawo. Yogwiritsidwapo kale ntchito imene ilibe chotsekera iyenera kuikidwanso pakati: aizungulire pang'onopang'ono mpaka italimba, kenako aibweze kawiri ndi theka mpaka zizindikiro zake zitayang'anizana. Ndipo wina akakuuzani kuti angathe kuzimitsa nyaliyo ndi ka resistor, kachipangizo kakang'ono kamagetsi, pamtengo wochepa, mukane ndithu. Kameneko kamanamiza kompyuta kuti airbag ilipo, nyali n'kuzima, koma airbag yeniyeniyo imakhala yosalumikizidwa, ndipo dalaivala amayenda akukhulupirira chitetezo chimene palibe.

Mphunzitsi wa madalaivala, Highfield

Ndiwonjezere chimodzi chokhudza kuzimitsa kumene achimwene atchula. Aqua ikaima, injini imatha kukhala chete galimoto ili yoyaka, ndipo chokhacho chosonyeza ndi mawu obiriwira akuti READY pa dashibodi. Wokonzayo aonetsetse kuti mawuwo azima ndipo kiyi waikidwa kutali asanayambe ntchito.

Dalaivala wa takisi, Dzivarasekwa

Za batani la DISP ndazimva, achimwene, ndipo ndikuvomereza kuti wailesi ilibe mlandu. Ndifunseko pomwepa: pa galimoto yanga hutala ndi nyali zonse zili bwino, koma batani lokweza mawu nthawi zina limasintha siteshoni. Kodi nayonso ndi spiral cable?

Makaniko wa zamagetsi, Gazaland

Kawirikawiri ayi. Mabatani angapo amagwiritsa ntchito waya mmodzi, ndipo wailesi imawasiyanitsa poona mphamvu ya magetsi imene batani lililonse limabweza. Fumbi kapena thukuta zikalowa pansi pa batani, kapena waya wa ethi akakhwepa kuseri kwa wailesi, mphamvuyo imasintha ndipo wailesi imasokoneza batani lina ndi linzake. Yambani mwalimbitsa waya wa ethi ndi kuiphunzitsanso wailesiyo, ndipo zikapitirira mutsukitse mabataniwo.

Woyang'anira madalaivala, Mabvuku

Ndabwera kudzakudziwitsani mmene zathera. Makina anapezadi B1801, ndipo spiral cable itatsegulidwa lamba wake anali atang'ambika pafupi ndi pulagi. Wokonza ataika ina, mabatani onse ndi hutala zinayamba kugwira ntchito, ndipo nyali ya airbag ikuzima pakapita masekondi ochepa monga bambo aphunzitsi ananenera. Panayakanso nyali yachikasu ya galimoto yoterereka, koma wokonzayo anafotokoza kuti kachipangizo koyeza mmene chiwongolero chapotokera kamakhala pamodzi ndi spiral cable, ndipo atakakonzanso ndi kompyuta nyaliyo inazima. A kugalaja kumene anasintha rack avomera kubweza ndalama ya chipangizocho. Bambo aphunzitsi, ndikupempha kuti Loweruka likudzali, ngati muli ndi mpata, mubwere mudzakhale ndi madalaivala athu m'galimoto zawo zomwe, muwaonetse nyali ndi mabatani chimodzichimodzi, makamaka pa galimoto ziwiri zimene uthenga wake umatuluka m'Chijapanizi.