Dual boot ya Windows ndi Ubuntu Studio ikulira ndikamajambula, kwaya ndi Loweruka

Yamikani, Dzivarasekwa
Akuluakulu moni nonse, ndithandizeni pliz zandithina. Ndili ndi HP EliteBook 840 G3, i5, RAM 8GB, SSD ya 256, ndinaigawa pawiri, mbali ina Windows 10 ya FL Studio komwe ndimapangira ma riddim, mbali ina ndinaika Ubuntu Studio 24.04 kuti ndizijambulira mawu mu Ardour. Interface, kabokosi kolumikizira maiki ku laputopu, ndi Behringer UMC202HD, maiki awiri a condenser. Nde ndikajambula ku Ubuntu pansi pa mawu pakumamveka kulira kwa zzzzz kosalekeza, pena kumathetheka tha tha pakati pa nyimbo, pomwe ku Windows zimatuluka zoyera bwinobwino. Chinanso patishoni ya D komwe ndimasunga ma project Ubuntu ikuitsegula koma kuseva ikukana, akuti read-only, tsiku lina imalola tsiku lina ayi. Wotchinso ikumatsalira ndi maola 2 ndikabwerera ku Windows. Loweruka ndikujambula kwaya ya kumpingo kwathu, nyimbo 4, azimayi asonkha kale ndalama ndipo sindikufuna kukawapatsa zolira. Ndifufute Ubuntu yo kapena pali pokonza?

Gift, Glen View
Aise fufuta basi. Ntchito ya anthu siyoyeserapo zinthu, ngati Windows ikutulutsa zoyera jambulira pomwepo, FL yomweyo ili ndi Edison komanso umatha kujambulira mu playlist. Za Linux zi uzikaseweretsa ukamaliza ya kwaya. Ife tonse kuno timagwira pa Windows palibe chavuta

Chikondi, wokonza ma laputopu ku Gulf Complex
Musafufute kaye achimwene, ziwiri mwa zinthu mwatchulazo ndi za mphindi 5 ndipo wolakwa si Ubuntu. Ya read-only yo ndi Fast Startup ya Windows. Mukadina Shut down Windows simazima yonse, imagona theka nkusiya disiki ili ngati nyumba yoti mwini wake wakhoma wapita ndi kiyi, nde Ubuntu ikafika imaona kuti ikalembamo iwononga zinthu, imangokulolani kusuzumira. Mukadina Restart ndi pomwe imatsekadi zonse, nchifukwa chake masiku ena imalola, ndikhulupirira masiku amenewo munadutsira pa Restart. Lowani ku Windows, tsegulani cmd ngati administrator mulembe powercfg /h off, zatha. Kenako pangani chkdsk D: /f chifukwa ma laputopu ogula kale kale awa batire imakhala yotopa, magetsi akathima nayo imathima pompo disiki nkutsala yosatseka bwino, zimenezonso zimabweretsa read-only yomweyo.

Wotchi ndi nkhani yoti Linux imasunga nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse limawerengerapo, mu BIOS pomwe Windows imayesa kuti imeneyo ndi nthawi ya kuno, ife tili patsogolo ndi maola 2, ndi omwe akusowawo. Ku Ubuntu mu terminal lembani timedatectl set-local-rtc 1, ikuchenjezani pang'ono koma kuno sitisintha mawotchi chilimwe ndi dzinja nde palibe choopsa.

A Gift, i5 ya mu 840 G3 ndi 6th gen, Windows 11 imafuna kuyambira 8th gen, ndipo Windows 10 Microsoft anasiya kuithandiza pa 14 October 2025. Nde zomwe apanga a Yamikani zi nzanzeru, FL ikhale pa Windows yosalowa pa intaneti, za ma email, kutumiza ma fayilo ndi kujambula zikhale ku Ubuntu. Makasitomala anga ambiri a ma G3 ndikuwapangira chimodzimodzi.

Gift, Glen View
Za 11 zo ndamva, koma kulira kuja bwanji? Munthu wanena yekha kuti Windows ikutulutsa zoyera, waya yemweyo maiki yomweyo, chasintha ndi Linux basi

a Banda, Highfield
Mwana wanga Yamikani, ndisanayankhe za kompyuta zanuzo ndikufunse. Ku Ubuntu umajambula nthawi yanji, nanga ku Windows umakhalako nthawi yanji? Ndipo magetsi akapita umayatsira chani? Ine zaka zonsezi ndakhala pa ma PA a maukwati ndi maliro, kulira kwa zzzz sindinakumvepo kukuchokera mu pulogalamu. Pulogalamu ikalephera imadula mawu kapena kuthetheka. Cholira mosalekeza chimalowera pa waya.

Yamikani, Dzivarasekwa
Ankolo, oimba amabwera masana kapena ma 5 akaweruka, nthawi imeneyo kuno magetsi kumakhala kulibe nde timakhala pa invata ndi batire ya 100Ah, pamenepo ndi pomwe ndimatsegula Ubuntu. Ku Windows ndimakhalako usiku magetsi akabwera ma 10 koloko, ndimapanga ma beat nkumajambula timawu tanga toyesera. Invata yake ndi yaing'ono ija yotchipa, pa bokosi sanalembe pure sine. Chaja si ya HP yeniyeni, ndinagula mtauni, ya mapini awiri.

a Banda, Highfield
Basi wayankha wekha. Sunafananize Windows ndi Ubuntu iwe, wafananiza magetsi a pakhoma ndi a invata. Ma invata otchipawo ndi modified sine wave, magetsi ake satuluka mosalala, amakwera ndi kutsika modukizadukiza, nde m'makona mmenemo ndi momwe mumabadwira phokoso lija. Magetsi athu ndi a 50Hz, ikakhala nkhani ya earth yokha umamva mmmm wapansipansi, koma ukamva zzzz wakuthwa wokwera mpaka m'mwamba dziwa kuti ndi invata kapena chaja. Phokosolo limadutsa mu chaja, kulowa mu laputopu, kutsika ndi waya wa USB mpaka mu interface, ndipo poti UMC yo imadya magetsi a pa USB pomwepo ndipo wayatsa 48V ndi gain yokweza chifukwa cha ma condenser, ukulikweza wekha limodzi ndi mawu.

Panga izi lero lomwe magetsi asanabwere. Lumikiza zonse mmene umachitira, vala mahedifoni, dina record chipinda chili zii, pakatha masekondi 10 zula chaja ku laputopu osaimitsa kujambula, dikira ena 10 ubwezere. Ukatero zula ma sipika onse ku interface ubwerezenso. Kenako lowa ku Windows uli pa invata pomwepo upange zomwezo. Ubwere utiuze.

Ndipo ndikupemphe chinthu chimodzi, pali anyamata ena akamva za earth amathamangira kuthyola pini ya earth pa pulagi ya ma sipika kuti kulira kuthe. Usayerekeze. Kulira kumathadi pena, koma tsiku lomwe waya udzakhudze chitsulo mkatimo wolandira magetsiwo ndi munthu wagwira maiki.

Tiyamike, Mufakose
Ankolo a Banda anena zoona za kulirako, ine ndiyankhe za tha tha zo chifukwa ndi matenda ena amenewo. Amenewo ndi ma xrun, kompyuta ikulephera kudzaza buffer, kachigawo ka mawu komwe imakonza pakamodzi, pa nthawi yake. Achimwene buffer munaika pa zingati? Ndikudziwa anthu ochokera ku FL mumakonda kuitsitsa mpaka 64 kuti kiyibodi iziyankha msanga, koma i5 imeneyo ili ndi ma core awiri okha. Pa 48kHz buffer ya 128 ndi 2.7ms, ya 256 ndi 5.3ms, ya 512 ndi pafupifupi 11ms, nde pojambula kwaya simukufunika kuthamanga konse chifukwa UMC202HD ili ndi batani la Direct Monitor, mawu amachoka pa maiki kupita ku mahedifoni osadutsa mu kompyuta. Ikani 512 olo 1024 mtima ukhale mmalo. Mawu a mu Ubuntu Studio 24.04 amayendetsedwa ndi pulogalamu ya PipeWire, buffer yo mutha kusintha mu Ubuntu Studio Audio Configuration, kapena mu terminal pw-metadata -n settings 0 clock.force-quantum 512. Koma ine pa ntchito ya ndalama ndimatsegula Ardour nkusankha ALSA pa Audio System, imatenga interface yonse yokha, YouTube ndi zina sizimveka nthawi imeneyo koma sinandigwetsepo.

Chenjerani apa, mukatsatira za ankolo zojambula pa batire ya laputopu, laputopu ikachoka pa chaja imayamba kusunga moto, CPU imatsika liwiro nde tha tha uja amatha kuchuluka. Dinani ka batire pakona muike pa Performance, zimitsani WiFi ndi Bluetooth, foni iike kutali ndi mawaya kapena pa flight mode, ndipo interface ilowe mu laputopu mwachindunji osati pa ka hub.

Komanso musamajambulire pa D mwachindunji olo ikonzeke. Session ikhale ku home ya Ubuntu pa ext4, mukamaliza export ma stem a WAV, track iliyonse payokha, mukopere ku D kuti FL iwapeze. Mbali zonse ziwiri ikani 48kHz 24 bit, osati uku 44.1 uku 48. Malo musadandaule, maiki awiri pa 48/24 amadya pafupifupi 1GB pa ola.

Yamikani, Dzivarasekwa
Asisi buffer inali pa 64 ndithu, ndaika 512 ndajambula kwa mphindi 20 ma xrun pa Ardour akuonetsa 0. D nayo ikuseva, a Chikondi zikomo, chkdsk inapeza zokonza. Ankolo mayeso aja ndapanga, ndikazula chaja kulira kukutheratu pompo ndipo pa waveform zikuchita kuoneka, kamzere konenepa kenako kuonda, ndikabwezera kukubwerera. Ku Windows pa invata kukuliranso chimodzimodzi. Ndikazula ma sipika chaja ili pomwepo kukuchepa pang'ono koma sikukutha. Ma sipika ndinalumikiza ndi waya wa jack wa mzere umodzi uja wa gitala. Vuto latsala ndi loti batire ya laputopu simafika olo ola, nyimbo 4 za kwaya ndi kubwerezabwereza kwake sizingakwane.

Gift, Glen View
Ok apa ndagonja, nkhani ndi magetsi. Aise ine ndili ndi chaja ya HP original ya 65W ya kamutu ka buluu, ya mapini atatu, ndikubwereka uyese. Mawa ndili mtauni, tikumane pokwerera makombi pa Copacabana mu Harare muno ma 1 koloko

Chikondi, wokonza ma laputopu ku Gulf Complex
Ya kamutu ka buluu ndi yomweyo ya G3, itengeni. Koma a Banda atikonze ngati ndikunama, pini ya earth yo imathandiza pokhapokha invatayo ili ndi earth yeniyeni, tambiri tating'ono timeneti bowo lachitatu ndi lokongoletsa chabe. Batire ya G3 ndi yosavuta kusintha, mumangomasula chivundikiro cha pansi, imapezeka mtauni muno, mubwere ndi laputopuyo aike muone health yake pomwepo musanalipire. Yatsopano pa kujambula ma track awiri sikirini mutaichepetsa kuwala ikuyenera kukutengerani maola angapo.

Mukatsegula pansipo muonanso kuti G3 ili ndi malo a disiki awiri, M.2 ndi 2.5 inch, ndi mipata iwiri ya RAM. 256 kugawana ma system awiri kuphatikiza ma sample ndi yothina kwambiri. Mukapeza ndalama gulani SSD yachiwiri Ubuntu ikhale kwayokha, poika muchotse kaye disiki ya Windows kuti aliyense akhale ndi EFI yake, kapatishoni koyatsira system, mukatero update ya Windows singasokonezenso GRUB, ka menu kosankhira Windows kapena Ubuntu poyatsa. Zikachitika panopa kuti yalowa Windows osakufunsani musachite mantha Ubuntu sinafufutike, dinani F9 poyatsa musankhe ubuntu, kenako F10 mukonze boot order. Koma zonsezi ndi za sabata ya mawa, disiki musaigwire kwaya isanajambulidwe, ndipo ma update onse mbali zonse ayambe adikira.

a Banda, Highfield
A Chikondi simukunama, chaja yabwino ichepetsa koma pa invata imeneyo sindingalonjeze kuti kutheratu. Mankhwala enieni ndi pure sine wave, olo ya 500W ikukwana pa laputopu ndi ma sipika, koma imeneyo ndi ndalama ina. Za Loweruka panga chonchi, gula batire ija, ichaje usiku wa Lachisanu, pojambula chaja ikhale yozula, ma sipika ozula, iwe pa mahedifoni basi. Akamapuma kapena akamakambirana za vesi yotsatira bwezera chaja, akati tiyeni zula. Waya wa gitala uja uchotse ku ma sipika, ugule wa TRS wa mizere iwiri, kumbuyo kwa UMC kuli ma output a TRS, ndi ma dollar ochepa chabe.

Ndipo anthu 20 usawapanikize mchipinda chako cha ku Dzi, mawu akagunda khoma pafupi amabwerera onse mu maiki. Nyamula laputopu upite kutchalitchi komweko, poti uli pa batire sukufunikanso soketi. Pitani mmawa makombi asanayambe kuimba mahutala pamsewu. Maiki awiri pa stand imodzi pakati, mitu yawo iyandikane nkupingasa, akwere kupitirira mitu ya oimba aloze pansi pang'ono, mamita awiri kapena atatu kuchoka pa mzere woyamba. Ng'oma ndi zisekese zipite kumbuyo kwenikweni, zimenezo zimamveka olo uzibise. Gain uikire pa korasi pomwe amayi a soprano akweza kwambiri, mita izifika cha pa -12, pa 24 bit palibe chifukwa chothamangira kufiira. 48V uziyatsa maiki utalumikiza kale, pozula uyambe wazimitsa.

Tiyamike, Mufakose
Stereo bar yoikapo maiki awiri pa stand imodzi ndili nayo ndi stand yaitali ija, mutumize mwana adzatenge Lachisanu madzulo. Mutengenso fulashi, nyimbo iliyonse ikatha kopelani foda ya session yonse musanayambe ina.

Yamikani, Dzivarasekwa
Ndibwera ndekha Lachisanu asisi ndikachoka kogula batire. A Gift mawa 1 koloko ndili pa Copacabana. Ankolo ndawaimbira amayi a chair, akuti kiyi wa tchalitchi atenga, tiyamba 6 koloko mmawa.