Dzino lobooka latupitsa tsaya: kodi tiwonjezere makapisozi?

Nabanda:
Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za mankhwala. Bambo a kunyumba kwathu ali ndi dzino lakumapeto limene linabooka kalekale, ndipo likayamba kuwawa amagula amoxicillin pagolosale, kumwa makapisozi angapo, ululu ukachepa n'kusunga otsalawo m'kabati. Ulendo uno amwa koma sizikusintha, tsaya latupa, ndipo anzawo awauza kuti awonjezere Flagyl. Kodi ndiwalole, kapena alipo ena amphamvu kuposa amenewa?

Achisale:
Mayi, ine ndimagwira ntchito ya zamano, ndipo ndikupemphani kuti mawa m'mawa mupite nawo kuchipatala, osati kugolosale. Dzino likabooka mpaka kufika pamtsempha, mtsemphawo umafa ndipo magazi safikanso m'kati mwake, choncho mankhwala akumwa, amene amayenda ndi magazi, sangafike pamene tizilombo tamanga msasa. Makapisozi amangochepetsa kutupa kwa m'mbali, koma gwero la mafinya limatsala pomwepo. N'chifukwa chake vutoli limabwerera. Chofunika ndi kutulutsa mafinyawo ndi kuzula dzinolo, kapena kulitsuka m'kati n'kulimata ngati lingapulumuke.

Usiku uno amwe Panado monga mwalembedwera papaketi, ndipo achukuche m'kamwa ndi madzi ofunda othira mchere. Asayike Aspirin pankhama, chifukwa amawotcha mnofu n'kusiya chilonda choyera. Koma mukaona kutupa kukutsikira pansi pa chibwano kapena kukwera chakudiso, akulephera kuyasamula kapena kumeza malovu, thupi latentha, musadikire kuti kuche, pakuti kutupa kotere kumatha kutseka njira ya mpweya. Flagyl akapatsidwa ndi dokotala, asayerekeze kumwa mowa, chifukwa amasanzitsa koopsa.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Zimene anena Achisale n'zoona, koma tisaiwale chimene chimapititsa anthu kugolosale. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zakumudzi zilibe wa zamano, ndipo munthu amayenera kulipira minibasi mpaka kuboma n'kukaima pamzere ndi tsaya lotupa, pamene makapisozi ali pafupi ndipo amagulitsidwa ngakhale awiri okha. Sindikuvomereza mchitidwewu ayi, koma kudzudzula odwala kokha sikungauthetse. Bungwe la boma loyang'anira za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority liyenera kulimbana ndi ogulitsa mankhwalawa popanda chilolezo, ndipo boma lifikitse chithandizo cha mano kufupi ndi anthu.

Nangozo:
Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti si mano okha. Mwana akangoyamba chimfine timathamangira Bactrim, chonsecho chimfine chimayamba ndi mavairasi amene mankhwalawa sawapha n'komwe. Ena amapempha Bactrim kwa abale amene amalandira pamodzi ndi ma ARV, osaganiza kuti akumulanda mnzawo chitetezo chake. Tikamamwa mankhwala otere mosafunikira kapena moperewera, tizilombo tolimba timatsala n'kuswana, kenako timafalikira kwa ena amene sanamwepo n'kamodzi komwe. Ku Blantyre, kuyambira cha mu 2011, kunabuka tayifodi yosamva amoxicillin, Bactrim ndi chloramphenicol, mankhwala otsika mtengo amene kale ankachiza matendawa mosavuta.

Mayi Nabanda, potengana ndi bambowo kuchipatala, munyamule buku lawo lakuchipatala pamodzi ndi mapaketi a zonse zimene amwa, kuti adokotala adziwe poyambira.