Kamphaka kosakula, mtima ukulira ngati chigayo

Wa ku Bembeke: Akuluakulu anzanga a zachipatala cha ziweto, ndithandizeni nzeru. Mayi wina wabweretsa kamphaka kakakazi ka miyezi 4 kuti tikatseke kasadzabereke. Kakulemera 1.1 kg basi, pomwe anzake obadwa nawo akusaka kale mbewa m'nkhokwe. Kakathamanga pang'ono kamagona pansi n'kuyamba wefuwefu kukamwa kuli yasa. Ndaika stethoscope, chipangizo chomvera mtima, mtima ukuchita phokoso losadukiza, ndipo ndikagwira pachifuwa chala chikumva kunjenjemera. Ndikagonetse tulo ta opaleshoni kapena ayi?

Wa ku Lizulu: Achimwene, mwayang'ana nkhama? Timphaka tambiri ta kuno phokosolo limabwera ndi kuchepa magazi, utitiri ndi njoka za m'mimba. Mukapha njokazo phokoso limatha lokha.

Wa ku Bembeke: Nkhama zili bwinobwino, sizinayere, sizinade. Mankhwala a njoka ndinapatsa ndekha mwezi watha.

Wa ku Lizulu: Ndiye ndabweza mawu.

Dokotala wa ku Boma: Musagonetse. Xylazine, mankhwala ogonetsera, amachedwetsa mtima, kamphaka kotero kangathe kukuferani patebulo. Phokoso la kuchepa magazi, ngakhale lija lopanda vuto lomwe timphaka timasiya tikamakula, limakhala lapansipansi, silinjenjemeretsa chala. Lanuli likumveka kwambiri mbali iti?

Wa ku Bembeke: Kumanzere adokotala, m'khwapa mwenimweni.

Dokotala wa ku Boma: Ndikuganiza kuti ndi PDA, vuto la kamtsempha kosatsekeka. Kamwana kali m'mimba pamakhala kamtsempha kolumikiza aorta, mtsempha waukulu wochoka mu mtima, ndi mtsempha wopita ku mapapo, ndipo kamayenera kutsekeka masiku oyamba kakabadwa. Kakapanda kutsekeka, magazi amadutsamo nthawi zonse, n'chifukwa chake phokoso silipumira. Kwa agalu timazionaona, kwa amphaka n'zapatalipatali. Chimene amphaka amabadwa nacho kawirikawiri ndi VSD, bowo pakhoma la zipinda zam'munsi za mtima, koma iyo imamveka kwambiri kumanja ndipo imadukiza ndi kugunda kwa mtima. Nkhama zikanachita bii ndikanaganizira tetralogy of Fallot, vuto lina la mtima lobadwa nalo. Komabe khutu si makina. Kapite ku Lilongwe kakajambulidwe ndi ultrasound, makina oonera m'kati mwa thupi, chifukwa ikakhala PDA kamtsemphako kamatheka kumangidwa pa opaleshoni mtima usanatope.

Wa ku Sharpevale: Ku Lilongwe ndi mphaka? Kuno munthu amadandaula ya katemera wa chitopa yomwe, ndiye aike chona mu minibasi?

Wa ku Bembeke: Mayiwa amakakonda, kamagona m'nyumba. Koma akuti ndalama ipezeka akagulitsa kachewere.

Dokotala wa ku Boma: Podikira kachewereyo, aphunzitseni kuwerenga mpweya kakagona tulo. Kakamapitirira ka 30 pa mphindi, mwina madzi ayamba kudzadza m'mapapo, abwere nako msanga tione za furosemide, mankhwala ochotsa madzi m'thupi. Asadikire chifuwa, mphaka wodwala mtima satsokomola kawirikawiri ngati galu. Kasatuluke kukakumana ndi amphaka aamuna, mimba ingakamalize. Ndipo chonde muwauze asakapatse Panado, mphaka amafa naye.

Wa ku Lizulu: Musanakatumize tiitaneni tidzamvereko, ena a ife phokoso limeneli tinangolimva m'kalasi.

Wa ku Bembeke: Bwerani Lachisanu m'mawa, ndawauza mayiwo abwere nako m'katoni yoboola.