Kodi ndimudalire ejenti pomanga nyumba ku Mulanje?

Membala wosatchula dzina: Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha malangizo chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndine mphunzitsi, ndimagwira ntchito ku Lilongwe, koma kwathu ndi ku Mulanje, ndipo ndikufuna kumanga nyumba ya zipinda zitatu kufupi ndi Chitakale ndisanapume pa ntchito. Chaka chatha ndinatumiza ndalama kwa mchimwene wanga kuti aumbitse njerwa, koma nditapita pa tchuthi ndinapeza uvuni wosawotcha, mvula itagumula mbali imodzi, iye akunena kuti nkhuni zinakwera mtengo. Alamu anga nawo amandinena m'mudzi kuti ndimadzimva, chikhalirecho ndine amene ndikulipirira ana awo awiri sukulu. Kuno eni nyumba andikwezera lendi kawiri chaka chomwechi, koma mpope wa kubafa sakukonza. Tsopano mnzanga wandipezera ejenti amene akuti ayendetsa zonse, kuyambira za malo, kupeza amisiri, kugula simenti ndi malata, mpaka kundipatsa makiyi. Akufuna ndiyambe ndamupatsa K500,000, ndipo za komishoni akuti tidzakambirana ntchito ikayamba. Kodi ndimulole, kapena ndilimbe mtima n'kumayendetsa ndekha pa foni?

Mkulu wa ku Bvumbwe: Aphunzitsi, ameneyo si ejenti koma dobadoba wovala jekete. Ine ndinabadwira kuno ndipo ndikukuuzani kuti ku Thyolo ndi ku Mulanje malo ndi ochepa, chifukwa nthaka yabwino yambiri inapita ku maesiteti a tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda. Ndiye munthu akamakuuzani mosavuta kuti za malo aziyendetsa, mufunseni kuti malowo awatenga kuti. Puloti imodzi amaigulitsa kwa anthu atatu, ndipo nonse mumadzakumana tsiku lokumba maziko, aliyense atanyamula kapepala kake.

Mayi wa ku Luchenza: Aphunzitsi, simunanene chinthu chofunika kwambiri. Kodi malowo muli nawo kale kapena ejentiyo ndiye akukagula? Ngati alipo, ndi a makolo, a lizi, kapena a khonsolo?

Mnyamata wa ku Limbuli: Ine ndikupempha kuti K500,000 imeneyo mutumize kwa ine, chifukwa nanenso ndikhoza kuisowetsa mwaulemu ngati mmene anachitira achimwene anu, ndipo ndidzakutumizirani zithunzi za nyumba ya eni ake mwezi uliwonse.

Ejenti wa ku Limbe: Ndikudandaula ndi mawu a akulu a ku Bvumbwe, chifukwa si tonse amene timaba. Ntchito ya ejenti weniweni ndi kulumikizitsa wogula ndi wogulitsa malo kapena nyumba, kuthandiza kufufuza zikalata, ndipo komishoni yake imalembedwa ntchito isanayambe. Kuyang'anira zomangamanga ndi ntchito ya kontirakitala, amene amayenera kukhala wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga. Munthu amene akulonjeza zonse ziwiri, koma mtengo wake sakufuna kuutchula, inenso ndingamukayikire.

Mkulu wa ku Bvumbwe: Achimwene a ku Limbe, fisi sangakhale mboni pa mlandu wa mbuzi. Mwana wa mchemwali wanga anatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg zaka ziwiri zathunthu kudzera mwa munthu wa ofesi ndi chidindo ngati inuyo, ndipo atabwera anapeza khoma lofika m'chiuno, m'kati mwake mutadzalidwa chinangwa. Mlandu uja mpaka lero ukungoyendayenda.

Ejenti wa ku Limbe: Akulu, chinangwacho sindinadzale ndine. Ndipo musaiwale kuti amene anawononga njerwa za aphunzitsiwa ndi m'bale wawo wa bere limodzi, osati ejenti.

Mayi wa mvano wa ku Thyolo: Aphunzitsi, sizinandisangalatse kuti mwayalula mchimwene wanu ndi alamu anu pa gulu la anthu masauzande. Nkhani za pa mtundu zimakambidwa ndi amalume pakhomo, ndipo tsiku limene mudzadwale ndi abale omwewo amene adzakusamaleni.

Mmisiri wa ku Chonde: Ine ndamanga nyumba zambiri za anthu okhala kutali, ndipo chimene chimapweteka anthu ndi kutumiza ndalama zonse nthawi imodzi. Gawani ntchito m'magawo: maziko, khoma mpaka pa lintala, denga, kenako pulasitala, ndipo gawo lililonse muzilipira mutaliona ndi maso anu pa tchuthi. Simenti ndi malata muzilipira nokha ku sitolo, mmisiri azingokatenga ndi lisiti. Kumbukiraninso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zipangizo inakwera nthawi yomweyo, choncho mgwirizano wonena kuti mtengo tidzakambirana pambuyo ndi umene umadzetsa mikangano.

Mkulu wa ku Bvumbwe: Amisiri nanunso musadziyeretse, chifukwa matumba a simenti amatuluka usiku pa njinga ndipo mumadziwa kumene amapita.

Bambo wa ku Nkando: Nonse mukukamba za ndalama, koma palibe amene wakamba za madzi. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa kuti madzi ochokera m'phiri la Mulanje sayang'ana kuti nyumba ndi ya malata kapena ya udzu. Ine yanga inapita ndi zonse zam'kati chifukwa ndinagula malo otchipa m'chigwa nthawi ya chilimwe. Pitani mukaone malowo mvula ikugwa, ndipo mufunse okalamba a m'mudzimo kumene madzi amadutsa.

Mayi wa ku Luchenza: Ndibwerezenso funso langa, chifukwa yankho lonse lagona pamenepo. Kuno kwathu malo a makolo amayendera kuchikazi, ndiye ngati mukumanga pa malo a mbumba popanda eni mbumba ndi amfumu kuvomereza, kapena ngati ndinu bambo amene mukumanga kuchikamwini, ejenti sangakutetezeni tsiku la mkangano. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, ndipo ngati malowo ndi a lizi, mukhoza kukafufuza dzina la mwini wake ku ofesi ya Unduna wa Zamalo ku Blantyre musanapereke ngakhale tambala.

Mkulu wa ku Bvumbwe: Zikalata nazonso amazipanga pa kompyuta masiku ano, mayi. Ine ndanena kale, ndipo amene ali ndi makutu wamva.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse chifukwa cha malangizo. Kwa amayi a mvano, sindinatchule dzina la munthu aliyense, ndipo amalume anga nkhani ya njerwa akuidziwa koma anangoti ndipirire. Ejenti uja wandiimbiranso madzulo ano, ndipo akuti ndikatumiza ndalama lisanafike Lachisanu andichotsera K50,000.

Mayi wa ku Luchenza: Aphunzitsi, malowo ndi a yani?